Mlatho wa a Komanda Polglase

Mukafunsa munthu aliyense kuno ku Porthkellis za a Komanda Polglase, akuuzani chinthu chimodzi: zaka makumi awiri ndi zitatu, munthu wamiyendo yabwinobwino, sanawolokepo mlatho wathu. Mlatho wakenso si wodziwika ayi, ndi kamlatho ka miyala koti galu amakadutsa asanamalize kuuwa. Koma kutsidya kwake ndiye kuli tchalitchi, siteshoni ya sitima yapamtunda, manda ndi dziko lonse lotsala. Ine ndine Digory Nankervis, wonyamula makalata pamudzi pano, ndipo kupatula mwini wake, palibe amene anazunzika nayo nkhaniyi kuposa ine.

Gwero lake ndi malasha. A Komanda analowa usilikali wa panyanja ali ndi zaka khumi ndi zitatu, zombo zikuyendabe ndi mphepo. Mmene ankakula zombo zinayamba kudya malasha ndi kulavula utsi, koma iwo mtima unatsalira ku mphepo konkuja. Atapatsidwa sitima yawoyawo, yokhala ndi injini komanso nsalu zokolera mphepo, anatumidwa kuchoka ku Aden kupita ku Zanzibar ndi uthenga wofulumira. Iwo anati mphepo ilipo yaulere, malasha tiwonongerenji. Pakati pa nyanja mphepo ija inati zii. Mkulu wa injini anachita kuwagwadira kuti ayatse moto, iwo ayi, mawa iwomba. Anafika atachedwa masiku khumi ndi limodzi, malasha ali tho osakhudzidwa, ndipo anakanena zimenezo kwa bwana wawo akumwetulira.

Bwanayo anangoti, "Polglase, pita kwanu. Usachoke pamudzi pako mpaka titakulembera."

Wina aliyense akanamva kuti ntchito yatha. A Komanda anamva lamulo. Atafika kuno anafunsa abusa kuti malire a mudzi ali pati, ndipo abusa, posadziwa kuti akumanga munthu, anati ndi mtsinje.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndikamachokera ku siteshoni ndi thumba langa, ndinkawapeza ali chilili kumapeto kwa mlatho, yunifolomu yosita, mabatani akuwala.

"Nankervis, nena."

"Palibe, bwana."

"Wayang'ana pansi pa thumba?"

"Ndachita kukutumula, bwana."

"Ku London ntchito ndi yambiri. Pitiriza ulendo."

Mvula, chisanu, Khirisimasi, mawu ake omwewo. Anzanga amadana ndi ntchitoyi chifukwa cha agalu. Ine ndinkadana nayo chifukwa cha munthu waulemu amene sanandikalipirepo, ndipo ndinene zoona, masiku ena ndinkalakalaka nditazungulira pa bwato kuti ndisaone nkhope yawo.

Kunyumba nako malasha ankasungidwa ngati mankhwala. Mayi Tregear, amene ankawaphikira chimwalirireni akazi awo, ankalowa pabalaza atafunda mabulangete awiri.

"Bwana, chisanu chotere, ndiponyeko kamodzi kena pamoto?"

"Nanga tikafika bwanji mwezi wa Malichi, pothera chisanu?"

"Tikafika, bwana, koma atatinyamula."

Mwana wa a Komanda anali mmodzi, Loveday, mtsikana wolimba mutu ngati bambo ake. Atapeza mwamuna, Hannibal Trewhella wa ku mgodi, anabwera kudzawapempha kuti akamuperekeze ku tchalitchi.

"Bambo, ndi kutsidyako basi. Mukadya nkhomaliro muli kunyumba."

"Mwanangu, msilikali safunsa kutalika kwa malo. Amafunsa ngati walolezedwa."

"Amene anakuuzani zimenezo akukumbukiraninso?"

"Imeneyo ndi ntchito yawo. Yanga ndi kudikira."

Loveday anaperekezedwa ndi amalume ake. A Komanda anaonerera ukwati wonse ali kumapeto kwa mlatho ndi chitsulo chawo choyang'anira kutali, ndipo akwati atatuluka anatumiza uthenga kwa mkamwini kuti batani lake lachitatu likulendewera. Mudzi wonse unaseka mpaka kugwira nthiti, kupatula mkwatibwi.

Patapita zaka zitatu mgodi unatsekedwa. Hannibal anapeza ntchito ku Australia, ndipo Loveday, amene tsopano anali ndi khanda, anafuna kuti bambo ake apite nawo. Ankadziwa kuti akawasiya sadzawaonanso. Anandipeza ku positi nandiyang'ana m'maso.

"A Nankervis, zaka zonsezi mwakhala mukuwabweretsera palibe. Abweretsereni kanthu."

Tinakonza chiwembu ndi aphunzitsi, amene ali ndi dzanja lokongola. Analemba kalata yonena kuti Komanda Ambrose Polglase wamasulidwa, apite kumene afuna. Tinamata ndi phula lofiira, kalata n'kuoneka ya ku likulu ku London yeniyeni. Koma ine zaka makumi atatu ndili pa ntchito, kalata sinadutsepo m'manja mwanga osadindidwa. Dzanja linachita lokha, chidindo pha, n'kuponya m'thumba.

M'mawa mwake, "Nankervis, nena."

"Ilipo, bwana."

Anavula chipewa. Anawerenga kawiri, ndipo ine mumtima ndinati lero ndiye lero. Kenako anatembenuza envelopu.

"Nankervis, likulu lasamukira liti ku Porthkellis?"

Ndinayang'ana chidindo chija, dzina la mudzi wathu lili poyera, deti ladzulo. Ndinalakalaka mtsinje utanditenga.

"Ukanakhala pa sitima yanga ndikanakutsekera m'chipinda cha malasha sabata yathunthu," anatero. Anaipinda bwinobwino naiika m'thumba la pachifuwa. "Ukawauze aphunzitsi kuti amalemba bwino."

Tsiku la ulendo Loveday anaima pakati pa mlatho, khanda lili m'manja, Hannibal atatsogola ndi mabokosi.

"Bambo, sindikukupemphaninso za Australia. Bwerani pano pokha, mudzamunyamule mdzukulu wanu."

"Mubweretse kuno."

"Ayi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikubwera ndine. Lero bwerani inu."

Anthu tinali ambiri pamenepo. A Komanda anakweza phazi, ndinaliona ndi maso angawa, nsapato ili m'mwamba pamwamba pa mwala woyamba. Sitima inalira ku siteshoni. Phazi lija linabwerera pamalo pake, dzanja linakwera pachipumi, anamuchitira sawatcha mwana wawo yemwe. Loveday anatembenuka n'kulunjika ku siteshoni.

Onse atabalalika ndinatsala nawo, ndili ndi mkwiyo woti sindinaumvepo.

"Bwana, mundikhululukire, koma bwana wanu uja anamwalira kalekale. Zinali m'nyuzipepala."

"Ndinawerenga, Digory." Kanali koyamba kunditchula dzina langa loyamba. "Tsidya lino ndine komanda amene akudikira sitima yapanyanja. Ndikaponda uko ndine nkhalamba imene inachotsedwa ntchito chifukwa cha uchitsiru wake. Ndinachita mantha, basi."

Mawa lake anali pamalo pawo, ine ndinati palibe, iwo anati ku London ntchito ndi yambiri, ndipo tinapitiriza choncho zaka zina zisanu.

Anamwalira m'nyengo yachisanu, malasha atadzaza mosungira mpaka pakhomo. Bokosi tinanyamula anthu asanu ndi mmodzi, ambiri akale a panyanja. Titafika pamlatho, popanda wouza mnzake, tonse tinangoima. Abusa anacheuka, ife tili njo, wina akuyang'ana mnzake. Anatimasula ndi Mayi Tregear, amene anachokera kumbuyo akupukuta maso.

"Inu, muwolotseni munthuyo. Wadikira mokwanira."

Ndinawerenga mapazi anga powoloka. Anali makumi awiri ndi limodzi.

Masiku ano ndimamaliza ntchito msanga, ndipo sizindisangalatsa. Pamlatho pamangodutsa ngolo, palibe wondiimitsa, ana amathamangirapo osadziwa kuti pali malire. Loveday ndinamulembera ndekha za maliro, ndipo anayankha mizere iwiri yothokoza. Koma thumba la ku London likatsika m'sitima, ndimalitsegula loyamba. Zaka zonse zija ndinkapemphera kuti kalatayo ibwere. Tsopano ndimapemphera kuti isabwere, chifukwa sindikudziwa kuti ndingakaipereke kwa yani.