Nkhalango Yanga ya Fodya

Anzanga, munthu wolota masana musamamupatse udindo. Ine anandipatsa. Ndili Sitandade 8 pasukulu yamishoni kufupi ndi Malomo, nthawi ija sunkalowa mumsika popanda khadi la chipani, anandisankha kukhala wapampando wa kalabu yosamala zachilengedwe.

Kuseri kwa sukulu kunali kaphiri kometedwa mpala, mitengo yonse itathera m'zigafa za fodya. Ine ndikakayang'ana ndinkaona zina: mikuyu yamthunzi, njiwa ndi apumbwa akudya nkhuyu, nkhungu yam'mawa itakodwa m'nthambi ngati kunkhalango ya Ntchisi, ndipo pansi pake Felesiya, mlembi wa kalabu yathu, akuuza ana athu kuti mitengo yonseyi anadzala ndi bambo anu. Felesiyayo n'kuti ngakhale moni ndinkachita naye chibwibwi.

Ndinakatola nkhuyu kunkhalango, kuyanika, kufikisa, njere zake n'kusakaniza ndi phulusa monga ankachitira bambo ndi mbewu ya fodya, poti zonse n'zazing'ono ngati mchenga. Ndinathira m'kabotolo n'kutsomeka kudenga, komwe bambo anatsomekanso kawo. Tsiku lofesa ndinangosolola kabotolo kamodzi osayang'ana, maganizo ali kwa Felesiya.

Kumera kwake msanga bwanji! Bedi lonse biriwiri. Anzanga anayamba kunong'onezana kuti masambawa akuwadziwa, ine n'kuwakalipira kuti mkuyu ukakhala wakhanda umaoneka choncho. Mwana wa mlimi wa fodya, ine! Uku bambo ankathirira nazale yawo kudambo m'mawa ndi madzulo koma osamera kanthu, akudandaula za nyerere ndi kukayikira mnansi wathu wosalakwa. Kwathu chaka chopanda fodya chinali chaka chosiyira sukulu panjira, koma kodi wolota amamva?

Ndiye ahedi anaitana makolo, abusa ndi atcheyamani a chipani kudzaona ntchito ya achinyamata. Ndinalankhula za mbalame zodzabwerera kuphiri mpaka amayi kululutira. Bambo anagwada pabedi paja, kutsina tsamba, kununkhiza, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Awapampando," anatero mofatsa, "mbalame zanuzo zimasuta?"

Anthu anaseka mpaka abusa kupukuta misozi. Felesiya anadziphimba kumaso ndi kope. Manyazi ake, ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowemo.

Mvula itagwa ndinasenza nkhalango yanga yonse pamutu kukaokera kumunda kwa bambo, ana a Sitandade 1 akundiperekeza ndi nyimbo. Fodyayo ndiye anandipititsa kusekondale. Kudambo kuja nkhuyu zanga zomwe bambo anafesa zinamera mochedwa, mtengo umodzi n'kupulumuka, ndipo lero ndi chimkuyu chodzaza njiwa ndi apumbwa, ndendende monga ndinalotera. Felesiya amapumanso pamthunzi pake akamachokera kudimba, ndi ana ake. Bambo wa anawo ndi wina.

Kuyambira pamenepo kudenga sinditsomekako kanthu, ndipo mbande iliyonse, ngakhale ya papaya, ndimayamba ndainunkhiza ndisanaitane anthu.