Jekete ya Alamu

Inu, tamverani zimene zinamuonekera mtsikana wina amene kwawo amamutcha "a Digiri". Zaka zinayi chimalizireni yunivesite, makalata ofunsira ntchito amangomwaza ngati akudyetsa nkhuku, koma kuyankhidwa ayi ndithu.

Tsono omaliza maphunziro anzake anakonza msonkhano wodziwana ndi mabwana. Mwini nkhani anathamangira kwa mkazi wa achimwene ake.

"Alamu, ndibwerekeni jekete ija."

"Tengani, koma ibwere momwe yapitira."

Pachifuwa pa jeketeyo panali kabaji ka kampani ya inshuwalansi kumene alamuwo amagwira ntchito. Anakaona, sikuti sanakaone. Koma kanawala bwino pagalasi, ndiye anakasiya.

Atangolowa m'holo, eee! Mnyamata wina amene ankamukaniza mabuku kusukulu anamupatsa moni wa manja awiri.

"Madamu, kwanuko kulibe kampata?"

Apa n'pamene akanati, "Iwe, tili m'gulu limodzi." Koma kunena chilungamo, munthu amene watha zaka zinayi akutumidwa kokagula mafuta a galimoto ya eni, mawu oti "madamu" amamutsekemera.

"Siyani kalata, tiona," anatero.

Basi mzere! Wina kumubweretsera mpando, wina madzi ozizira. Pomafika masana anali atafungatira makalata makumi atatu, yake ili chipindire m'chikwama.

Kenako anatulukira mayi wina wa magalasi, bwana weniweni yekhayo amene anabwera, poti ena onse "anatanganidwa".

"Achemwali, mwandipepuza," anatero mayiyo. "Ndikufuna munthu mmodzi wa zachuma, ayambe Lolemba. Inu ndinu apantchito kale, ndiye tandisankhireni wabwino pamulu wanuwo."

A Digiri anayang'ana mulu wa makalata uja. Aulule? Maso makumi asanu ndi limodzi anali pa iye. Ndiye anachita zaukatswiri: anasolola kalata yake mwakachetechete n'kuiika pamwamba.

"Uyu ndiye ndamuona kuti ndi wakhama."

Mayi uja anakankhira magalasi pamphuno n'kuwerenga.

"Magiredi abwino. Koma zaka zinayi ali phee? Amatani nthawi yonseyi?"

"Mwina... ntchito zikusowa."

"Zikusowadi, sindikana. Koma wabwera pano? Muitaneni ndimuone."

A Digiri anaunguzaunguza m'holo monse, kufunafuna munthu amene anali m'jekete momwemo.

"Akuoneka kuti watuluka."

"Mwaona? Mwayi ukumufuna, iye kulibe." Mayiyo anasolola kalata yachiwiri, ya wokaniza mabuku uja, yemwe anafika pomwepo asanamalize n'kumuitana komwe. "Ana a masiku ano, achemwali, sadziwa kudzigulitsa."

Akuluakulu anati nsalu yobwereka sithetsa usiwa, koma sanatiuze kuti imayankhulitsanso. Pakuti a Digiri anapukusa mutu mwachisoni, n'kuyankha ndi pakamwa pawo pomwe:

"Musanene, mayi. Ameneyu ndiye ulesi."