Ndinawerama, Galu Sanathawe

Lolemba

Mwana wanga Yankho wabinya mwendo kusukulu, akuyendera ndodo. Loweruka kuli chionetsero cha agalu ku Dún Laoghaire, kufupi ndi kuno ku Dublin, ndipo iye ndi galu wake Pepper akhala akukonzekera chilimwe chonse. Masewera ake: munthu aponya kambale ka pulasitiki kotchedwa disiki, galu n'kukawakha m'malere. Basi. Zimenezi anthu achita kuzitsegulira kalabu.

Mwana akulira kuchipinda. Mwana yemweyu, wa zaka fifitini, amene ndikamufunsa kanthu m'Chichewa amangoti "fine" n'kutseka chitseko. Sindikukumbukira kuti anandiyankha liti m'chilankhulo chathu, ndipo zimandiwawa. Ndagogoda. Ndati ndilowa ine m'malo mwake, iye azindilangiza ali pa benchi. Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanakane!

Amake akuti: "Inuyo? Amene mumawoloka msewu mukaona kagalu ka aneba?" Nsanje chabe. Ndinakulira ku Ndirande ine. Dzanja loponya lilipo.

Lachiwiri

Ku paki ndisanapite kushifiti. Zimene ndaphunzira:
- galu samvera pakamwa, amawerenga mapewa
- kumene chaloza chifuwa changa ndi kumene athamangire
- mapazi asapingasane
- ndisiye kumuyang'ana ngati wakuba

Vuto ndi lakuti thupi langa linamaliza kale sukulu ya agalu. Ukakumana ndi galu umaima cham'mbali, phazi limodzi litaloza kothawira. Pepper akuwerenga zimenezi bwinobwino. Ndisanaponye n'komwe akuthamangira ku geti ya paki, n'kukandidikirira kumeneko. Akudziwa kumene kuli mtima wanga.

Ndaponya. Disiki yapita molunjika, mwamphamvu, cha m'nthiti mwa galu. Yankho wakuwa m'Chingerezi kuti ndizimuponyera, osati kumugenda. Kusiyana kwake ndikuphunzira.

Lachitatu

Mvula ya Dublin, yosagwa yosaleka. Phunziro la lero: nditembenuke pamalo amodzi, galu andizungulire, kenako nditangadze miyendo adutse pakati. Pakati pa miyendo yanga! Ine, bambo wa pakhomo, mlembi wa mphakati!

Ndatsegula. Nditaona mano akubwera, miyendo yadzitseka yokha. Tagwa tonse awiri m'matope, iye wadzuka msanga.

Kuchipatala, kumene ndimakankha mabedi a odwala, mnzanga wa ku Lusaka waona ndikutsimphina. Akuti: "Mudala, manje imbwa ndiye ikuphunzitsa iwe?" Imbwa ndiye galu kwawoko. Ndamuuza kuti ndi sayansi, sangaimvetse.

Lachinayi

Tsoka silinunkha. Pepper wandithamangira ndi liwiro, makutu kumbuyo, ndipo ndachita zimene Mmalawi aliyense amadziwa chibadwire: ndawerama ngati ndikutola mwala. Kwathu ukatero galu amathawa mpaka kukabisala kuseri kwa bafa.

Uyu wandikwera pamsana. Waponda, wadzikankha, wauluka kufuna disiki yomwe kulibe. Kani Yankho anamuphunzitsa kuti munthu akawerama, msana wake ndi poponda podumphira. Palibe anandiuza!

Zowonongeka:
- jekete la ku Misa
- msana
- ulemu, pamaso pa amayi awiri oyenda ndi ana

Yankho waseka mpaka ndodo kugwa pansi. Kuseka kumeneko ndinakumva kalekale. Msana ukuwawa koma ndakondwa, ndisaname.

Lamulo latsopano: OSAWERAMA.

Lachisanu

Tsiku lonse ndayenda chowongoka ngati polo ya magetsi. Kiyi wagwa kukhitchini, Pepper ali pompo akuyang'ana mapewa anga. Ndamusiya kiyiyo, ndaitana amake Yankho adzatole. Nsapato ndakamangira ku bafa, chitseko chotseka.

Amake alengeza nkhaniyi pa gulu la foni la mphakati. Akubwera anthu, ndi Bambo Mfumu omwe. Akuti: "Akufuna adzakulimbikitseni." Ndikuwadziwa anthu anga. Akufuna adzaone.

Pulani ya mawa: kuima chilili, mapewa kuloza kumene disiki ikupita, osagenda, osathawa. Zodumpha pamsana tazichotsa. Ndamufunsa Yankho m'Chichewa ngati ndikuyesako. Wati "fine."

Loweruka

Sitima mpaka Dún Laoghaire. Mphepo ya kunyanja ikulowa mpaka m'mafupa. Tili m'mphepete mwa bwalo, atsala pang'ono kutiitana. Pepper wamasulidwa kale chingwe, maso ali pa ine. Yankho ali pa benchi, disiki m'manja. Ine ndaima ngati msilikali.

Ndiye atulukira Bambo Mfumu, munthu wamkulu wa imvi, atatambasula dzanja. Ndikanatani? Wansembe n'kumupatsa moni uli njo ngati ukugula tikiti ya basi? Dzanja lamanzere lagwira mkono wamanja, mawondo apinda, msana watsika wokha. Sindinautume.

Ndamva zikhadabo pa udzu. Kenako mawu ochokera pa benchi, okweza, m'Chichewa chopanda chilema:

"Adadi, musadzuke! Khalani choncho!"

Yankho waponya disiki ali chikhalire. Pepper waponda pamsana panga, wadutsa m'mbali mwa khutu la Abambo, wawakha m'malere. Bwalo lonse m'manja. Amayi a mphakati nthungululu. Ine ndili chiweramire, dzanja la Abambo sindinalisiye. Akuti: "Mwadzuka bwanji, bambo mlembi?" Ndayankha ndikuyang'ana nsapato zawo.

Oweruza sanawerengere kudumphako, nthawi yathu inali isanayambe. Itayamba, ndaponya ine. Imodzi yapita m'maluwa, ina yatengedwa ndi mphepo, ina yapeza mwendo wa woweruza. Takhala omaliza.

Lamulungu

Msana wauma. Ku Misa ndagwada ndikucheuka, ngakhale galu tamusiya kunyumba. Potuluka aliyense akundipatsa moni mowerama kwambiri, akuyang'ana kumbuyo, akuseka. Akhristu amenewa.

Ndavomera. Woponya sindine. Ndinawoloka nyanja ndi masatifiketi m'chikwama kudzakhala chopondera cha galu. Amake atulutsa jekete langa lakale lokhuthala, akuti zikhadabo sizingalowe, alipachika pakhomo osandifunsa.

Titadya, wina wagogoda pachitseko changa. Yankho, ndi ndodo zake.

"Adadi, Lachiwiri mupita nafe ku paki?"

Ndafunsa ngati ndikaponyenso.

"Ayi. Muzikangowerama."

Sanaike mawu a Chingerezi ndi amodzi omwe. Ndipita.