Mitengo ya a Zakeyu Inalibe Maina

Ku Thambani konse kunalibe munthu wodziwa mitengo ngati a Zakeyu, komanso kunalibe wodana ndi maina a mitengoyo ngati iwo. Mwana wa sitandade thuu amadziwa mpoza, amadziwa mthethe. A Zakeyu ayi. Mankhwala a m'mimba ankachokera ku "uja anagunda a Melvin ndi njinga yobwereka". A chifuwa ankachokera ku "uja anakwera aphunzitsi pothawa ng'ombe chaka cha referendamu". Ukawafunsa dzina lenileni, ankakuyang'ana ngati wawatukwana.

"Dzina limachiza ndani?" ankatero. "Inuyo dzina muli nalo, nanga mukudwaliranji?"

Amene anaona zakuda ndi khalidwe limeneli ndi a Deliwe. Amuna awo, a Stafford, anali a kabaza, ndipo banja lonse linkadalira msana wa bamboyo. Tsono msanawo unali ndi nyengo zake zonyanyala ntchito. Ukatero, a Stafford ankangoti gonee pamkeka ngati thumba la makala, njinga ili pakhonde, ana akusuzumira m'mapoto opanda kanthu. Mapilisi a kuchipatala ankamwa ndithu, koma chimene ankachikhulupirira ndi muzu wina umene a Zakeyu ankasinja, kuwiritsa, n'kuwathowa nawo. Pakatha masiku awiri munthu ali pachishalo.

A Deliwe anaona patali. Mdalayu akukalamba, tsiku lina adzalowa nawo m'manda muzuwu. Anapita kukagwada.

"Bambo, mundiphunzitseko mtengo umodzi wokha, wa msana."

"Umodzi? Sukulu munayambira fomu folo inu?"

"Sindinafikeko n'komwe."

"Basitu. Loweruka mubwere ndi khasu."

Loweruka limenelo linatenga zaka zinayi. Ankalawirira m'mawa, kukwera mapiri, kutsika makwawa, mdala patsogolo akulankhula osapuma. Kunena zoona, kuphunzitsa ankatha. A Deliwe anaphunzira kufikisa tsamba n'kulinunkhiza, kukumba muzu mbali imodzi n'kukwiriranso dothi, kusenda khungwa osazunguliza mtengo kuti usaume. Anaphunziranso kuti wa malungo sumusunga pakhomo, umamukweza njinga wa kuchipatala. Vuto linali pa mayeso.

"Uwu ndi uti?"

"Ndi muwawani, bambo."

"Mwalephera. Uwu ndi uja anakomokera pansi pake a Esime atamva kuti mwana wawo wathawira ku Zobue ndi dalaivala. Bwerezani."

A Deliwe ankabwereza, mano ali gwa.

Chaka china ootcha makala anagwetsa mtengo wa a Melvin uja. A Zakeyu anakhala pachitsa ngati ofedwa, n'kulengeza kuti mankhwala a m'mimba atha m'Malawi muno. A Deliwe analoza mtengo wina wofanana ndendende, mapazi asanu okha kuchokera pachitsapo.

"Suwu wina, bambo?"

"Ameneyo ndi mlendo. Wachitapo chiyani m'mudzi muno?"

Anatuma uthenga kwa a Melvin kuti, chifukwa cha umoyo wa anthu, akaugundeko nawonso. A Melvin anayankha kuti mano amene anatsala akuwafunabe.

Kunabweranso a Walusungu, bwana wachinyamata wochokera ku boma, atanyamula kope loti alembemo mitengo ya mankhwala ya m'boma la Mwanza. Anayenda ndi a Zakeyu masiku atatu. Anabwerera akudziwa amene anaba mbuzi ya yani, ukwati wa yani unatha bwanji, ndi amene analedzera pa ubatizo wa mwana wake. Dzina la mtengo m'kopemo munalibe ngakhale limodzi.

Pofika chaka chachinayi a Deliwe ankadziwa mankhwala makumi atatu, limodzi ndi manyazi a mabanja makumi atatu. Wa msana wokha ndi umene unkangokhala "Loweruka likubwerali". Umenewo mdala ankakakumba yekha, atavala jekete.

Kenako a Zakeyu anadwala mwakayakaya. A Deliwe anawapeza masana ena atatsamira khoma, mawu akuchita kuvuta kutuluka. Anawamwetsa phala, n'kuchotsa manyazi.

"Bambo, musandisiye chonchi. Wa msana uja."

Mdala anatsegula diso limodzi. "Uja ndinafunsirapo mbeta."

"Uli kuti?"

"Aliyense akudziwa."

M'mawa mwake anatisiya. Ndipo monga mwa nthawi zonse, "aliyense" wa a Zakeyu sanapezeke. Akazi awo anali atamwalira kalekale. Madala a pabawo analoza mitengo isanu ndi umodzi yosiyana, aliyense akulumbira kuti analipo. Pasanathe mwezi msana wa a Stafford unanyanyalanso, njinga n'kubwerera pakhonde. A Deliwe anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa za chibwenzi cha munthu wakufa, anthu akuwayang'ana ngati zayamba kuwasokonekera.

Anawapulumutsa ndi a Esinati, gogo wogulitsa tomato pamsika.

"Mukufufuza kolakwika, mwanawe. Malemu akazi awo anawafunsira kuseri kwa tchalitchi. Wa pamtengo ndine."

"Inuyo, agogo?"

"Ndinawakana. Munthu anayamba ndi mbiri ya njira imene ndinadzera, ine mtsuko uli pamutu. Pomwe ankafika pa mawu enieniwo, khosi linali litauma."

Anasiyira mnzawo tomato, n'kuwatsogolera pang'onopang'ono kunjira ya kuchitsime chakale. Anaima pa mtengo wokalamba, wa masamba ngati phazi la ng'ombe, dothi la mbali imodzi litakwiriridwa mosamala. A Deliwe anangoti kukamwa yasa. Chinali chitimbe. Chitimbe wamba, chonga chimene chili kuseri kwa khitchini yawo, pamene amamangirira mbuzi tsiku ndi tsiku.

"Akakumba pano ankadzera kwathu," anatero a Esinati, maso ali pamtengopo. "Mwezi uliwonse, kampukutu ka mizu m'manja, ati n'kathowe msana. Zaka makumi asanu. Msana wanga sunandipwetekepo ine. Ndinkangolandira."

A Deliwe anabwerera. Anafika kunyumba, kumasula mbuzi, n'kuyamba kukumba mbali imodzi monga anaphunzitsidwira.

"Zaka zinayi!" ankalalata, khasu likugwa pansi. "Mapiri onse aja! Masilipasi angati anandithera m'makwawa, mankhwala ali pakhomo panga pomwe! Mdala wopanda chisoni inu!"

Anaima kaye, khasu lili m'mwamba, kudikira yankho, chifukwa a Zakeyu sanalolepo munthu kukhala womaliza kulankhula. Kunangomveka mbuzi ikutafuna. Pamenepo ndi pamene a Deliwe analira, kulira kumene sanalire ngakhale pa maliro.

A Stafford anakweranso njinga Lachinayi. Masiku ano odwala amapita kwa a Deliwe, ndipo ntchito imayenda mwachangu: wafotokoza vuto, walandira mizu, wauzidwa dzina la mtengo, wapita. Onse amayamikira kuti tsopano zinthu zili m'dongosolo. Koma ambiri akalandira amakhalabe pabenchipo kanthawi, akutembenuzatembenuza kampukutuko m'manja, osadziwa chimene akudikira.