Duwa Langa ndi Nsalu ya Chipani

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, koma poti ofunika kuwaopa anapita, lero ndiulule.

Masiku amenewo ndinali pa chitengwa ku mapiri a Ntchisi, ndipo Asisitere a ku parishi ankatiphunzitsa kupeta. Aliyense anapatsidwa kansalu koyera kongokwana m'manja, kuti apete mawu akuti "Mulungu dalitsani nyumba ino", pansi pake duwa. Tinsalu tonse tinayenera kuonetsedwa Loweruka. Apongozi anga anali atalengeza kale mudzi wonse kuti ine ndipambana (sanandifunse, ndithu).

Lachisanu ndinachokera kokonzekera magule a chipani, nditavala nsalu ija yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko. M'malo moivula, ndinangofikira pakhonde, kansalu pamiyendo, n'kuyamba kumaliza duwa uku ndikulongolola ndi apongozi. Ndinalisoka bwino duwa lija, lothina, lofiira psuu. Poti ndinyamuke, kansalu kananyamuka nane limodzi.

Ndinali nditakasokerera ku nsalu ya chipani.

Apongozi anawerama, n'kugwira pakamwa. "Mayo ine! Inu, mwabaya pamphuno penipeni!"

Achinyamata a lero mungaseke, koma nthawi imeneyo kuboola nkhope ija kukanatha kukuyendetsa ulendo wosadziwa tsiku lobwera. Ndinayesa kumasula ndi singano, ulusi osagwedezeka (chinthu chokhacho chimene Asisitere ankandiyamikira chinali kusoka kothina, taonani tsopano).

Tili pakati pa ntchitoyo tinamva "Odi!" Anali atcheyamani a chipani a m'mudzimo, atabwera kudzafunsa za chikwanje chawo. Ndinavundikira lichero pamiyendo. Mkazi wa pa chitengwa amadzuka, kupereka mpando, kugwada. Ine ndinangokhala ngati mtondo.

"Kodi mayiwa sakudzuka bwanji?"

"Mwendo, bambo," anatero apongozi. "Wauma ndi magule aja. Amavina modzipereka awa."

Atcheyamani anakondwa, nakhala pansi kundiyamikira mpaka dzuwa kupendeka. Ine lichero lija osalichotsa pamiyendo.

Atangochoka, apongozi anatenga lezala. Panalibe zokambirana kuti tidula iti. Masabata atatu a ntchito yanga anathera pomwepo: nkhope inatuluka yamoyo, kansalu kanga kanatsala ndi bowo lolowa chibakera.

Loweruka Asisitere anakakweza m'mwamba pamaso pa amayi onse, n'kundiyang'ana kudzera pabowopo.

"Chachitika n'chiyani apa?"

Zoona sindikanazinena, akazi a atcheyamani ali pabenchi lakutsogolo. "Mbewa, Asisitere."

Anandiphunzitsa za ukhondo wa m'nyumba mpaka makutu kutentha, amayi akugwedeza mitu ngati kwawo mbewa sizifika. Mawa lake, potuluka m'tchalitchi, anandipatsa kamwana ka mphaka m'katoni, mwachifundo chonse.

Mphaka ameneyo sanagwirepo mbewa ngakhale imodzi. Anandithera anapiye, anandibera usipa, ndipo kumutaya sindikanatha chifukwa Asisitere ankamufunsa Lamulungu lililonse. Ngati mwapanikizika ndipo muyenera kunama, abale anga, sankhani bodza losadya.