Maloboti a pa Kamwendo

Lolemba
Alamu andipatsa sabata imodzi. Mabenchi a vidiyo shoo yanga akapanda kudzaza pofika Lamlungu, m'chipindamu mulowa matumba awo a soya. Chipindacho anasiya ndi malemu bambo, koma makiyi amasunga alamu, amuna a achemwali. Sindikuopa! Ndili ndi fulashi yochokera ku Chipata: makatuni a ku Japan, zimphona zachitsulo zotalika kuposa thanki ya madzi, munthu n'kukhala m'kati kumaziyendetsa. Vuto ndi bolodi la pakhomo. Lili ndi mitu inayi: zakarati, zankhondo, zachikondi, za ana. Izi zilowa pati? Ndikulemba mutu watsopano ndi choko: ZA MALOBOTI.

Lachiwiri
Kwadzaza! Akabaza okhaokha, ena ndi makope. Ndikudabwa, koma mtima uli m'malo. Posakhalitsa wina akukweza dzanja: "Achimwene, za nyali yofiira ndi yobiriwira ziyamba nthawi yanji?" Kani akuyesa ndi maphunziro a maloboti a pamsewu, kuti asakagwidwe ku Lilongwe! Onse atuluka. Mmodzi wabwerera, koma kudzatenga cholembera chake.

Lachitatu
Ndafufuta. Ndalemba ZA ANA, poti ndi makatuni. Amayi ogulitsa tomato andisiyira ana awo n'kubwerera kumsika. M'filimu mzinda wonse ukupsa, woyendetsa chimphona akulira, ana akulira, ine thukuta kamukamu. Mayi wina: "Za ana zake ziti zimenezi, bambo inu?" Nanenso sindikudziwa, mayi.

Lachinayi
ZANKHONDO. Afika anyamata okonda za mfuti. Madandaulo awo:
- ndi zojambula, chibakera chake sichipweteka
- msilikali akulankhula theka la ola osawombera
- munthu wandevu sangaonere zidole
Wandevu amene wanena zimenezi wakhala mpaka kumapeto. Potuluka wandinong'oneza ngati gawo lachiwiri lilipo. Ndiye akuzifuna kapena sakuzifuna?

Lachisanu
Bolodi lilibe mutu. Ndikuonera ndekha kuti ndimvetse. Abale awiri akulimbirana chimphona chimene anasiya bambo awo. Muli mtsikana, muli maliro, muli zibakera. Ndiye ndi zonse? Kapena chimphonacho n'chokwera chabe? Filimu ikakhala ndi njinga sitiitcha zanjinga ayi. Mutu ukuwawa. Mkulu wa mpingo wasuzumira pawindo: "Munthu kulowa m'chilombo n'kumadumpha nacho? Ndi gule ameneyu, angomuveka malata!" Mutu wachisanu ndi chimodzi umenewo. Sindiulemba.

Loweruka
Mwayi womaliza. Ndalemba mitu yonse pamodzi, choko chatha. Anthu akuwerenga, akupukusa mitu, akupita kukaonera mpira. Walowa munthu mmodzi yekha: alamu, ndi chingwe choyezera chipinda. Ayeza khoma limodzi. Aima. Akhala pabenchi. Chingwe chikadali m'manja, tili pa gawo lachisanu.

Lamlungu
Tikuchokera ku tchalitchi, matumba akulowa. Mabenchi anga ali padzuwa. Zikundiwawa, kunena zoona. Ndikuti ndinyamule TV, alamu andigwira mkono: "Imeneyo isiyeni kaye, alamu." Akhala pathumba la soya, maso ali ofiira. "Mwavutika ndi choko sabata yonse, osaona? Iyi ndi nkhani ya chuma cha masiye. Wamkuluyo akulanda za mng'ono wake. Anthu ena alibe manyazi!"

Ndabwereka choko ku golosale. Ndalemba ZA CHUMA CHA MASIYE, bolodi ndalitsamiritsa pakhomo. Woonera alimo mmodzi, ndipo makiyi ali m'thumba mwake.