Galasi la ba Namakau

Iwe amene ukuseka kumbuyoko, seka ndithu, koma ukatha ukwere minibasi upite ku Maramba ukagwedeze galasi la mu saluni ya ba Namakau, ubwere undiuze ngati ine Daka ndimanama.

Ba Namakau ndi mayi wamasiye, ndipo galasilo anawasiyira amuna awo, amene ankagwira ntchito pa loji ina ku Nakatindi. Kulemera kwake musafunse. Analinyamula amuna asanu ndi mmodzi, ndipo awiri mpaka lero amayenda chowerama. Amisiri atatu anali atalephera kale kulipachika, chifukwa khomalo linali la mabuloko aja oti simenti anangowanunkhiza, ukakhoma msomali mchenga umayoyoka ngati shuga. Mayiwo anandipeza maso ali ofiira. Anati mu saluni yopanda galasi simukhala mkazi, chonsecho ana awo anayi amadyera momwemo.

"Ba Daka, mukakangiwa naimwe, nizagulisa chabe," anatero.

Ine ndinangogogoda khoma ndi chala, khutu lili pomwepo, mpaka ndinamva pamene pali mphako ndi pamene pali polimba. Misomali ndinaikana. Mapulagi apulasitiki a m'sitolo ndinatafunako imodzi n'kulavula, ndinasema anga a mtengo wa mopani. Masikuluwu ndinasankha tsiku lathunthu pamsika, iliyonse kuiliza padzino, ndipo pa mulu wofika m'chiuno ndinavomereza anayi okha, aatali ngati mkono wanga uwu, onenepa ngati chala chachikulu. Mukumva? Magetsi anali atapita, choncho ndinabowola popota chitsulo m'manja mpaka khoma linafuka utsi, ndipo nditamanga masikuluwu aja nsonga zake zinatulukira kuseri, mu butchala ya neba, amene anapachikapo theka la ng'ombe tsiku lomwelo osandithokoza n'komwe.

Itafika nyengo ya mango, njovu yamphongo inalowa mukomboni masana dzuwa lili pamutu, anthu n'kumwazikana, iyo n'kusuzumira pakhomo la saluni, n'kuona m'galasimo mphongo inzake ikuiyang'ana mwachipongwe. Inakulunga chitamba pa felemu ya galasi n'kukoka. Ine ndinali pansi pa mtengo tsidya la msewu, ndipo ndikulumbira, mtima sunagunde ngakhale kamodzi. Inakoka, galasi zii. Inakokanso, maziko anazuka, saluni yonse inanyamuka, khoma, malata, butchala ndi ng'ombe yake, ba Namakau ali m'kati chipeso kumanja, kasitomala wawo akukuwa kuti amalize kaye mbali imodzi, ndipo njovuyo inakhwekhwereza zonsezo chobwerera m'mbuyo kudutsa mipanda isanu ndi ngalande, mpaka inatopa n'kuzisiya pa siteji ya minibasi, n'kubwerera kutchire ikutsimphina. Mukumva inu? Sikuluwu ngakhale imodzi sinakhwefuke.

Saluniyo ili pomwepo pa siteji mpaka pano, ndipo akazi amachita kuima pamzere. Ba Namakau akandiona amandigwadira pamsewu, ine n'kumawadzutsa.

Chimodzi chokha ndivomere, poti ndine munthu wopemphera. Tsiku lopachikalo levulo yoonera ngati chinthu chawongoka ndinaiiwala kunyumba, ndiye galasi linapendekeka pang'ono kumanzere. Ndayesapo kawiri konse kumasula kuti ndiliwongole, koma masikuluwu anga andikana ine mwini. N'chifukwa chake akwatibwi onse a ku Maramba amalowa m'tchalitchi khosi lili chopendeka.